Maso a Nkhono ndi Mkaka Wosowa

Ana inu, pali mwambi wina umene mumauloweza kuti mukhoze mayeso, koma wina akakufunsani kumene unachokera mumangokanda m'mutu. Akuluakulu ena adzakuuzani kuti mwambiwo ndi wakale kuposa magetsi, ndipo musalimbane nawo. Koma mukakafika kumapiri a ku Thyolo, kwa alimi a ng'ombe za mkaka, adzakuuzani molumbira kuti unabadwira kwawo, pakhonde la ofesi, m'nyengo ya mvula. Nkhani yawo ndi iyi, ndipo mwambiwo tiupeza kumapeto.

Kumeneko kunali bungwe la alimi a mkaka. M'mawa uliwonse alimi ankabwera ndi zigubu, ena panjinga, ena pamutu, kudzathira mkaka m'thanki yozizira. Woulandira anali a Mpeketula, kalaliki wa pasikelo. Bamboyu imvi zinamumerera pantchito yomweyo, moti ankadziwa mlimi aliyense ndi dzina la ng'ombe yake lomwe. Kale ankalemba pamanja, koma alimi atachuluka bungwe linagula makompyuta. A Mpeketula anaphunzira kutayipa ndi zala ziwiri, ndipo zala ziwirizo sizinkaphonya.

Zimene ankatayipazo sizinkakhala m'kompyuta ya pasikelo ayi. Zinkadutsa pawaya n'kukalowa m'kompyuta ina yaikulu yotchedwa seva, imene inkakhala m'kachipinda kokiya kuseri kwa ofesi. M'sevamo munali detabesi, ndiye kuti nkhokwe ya zolemba zonse za bungwe. Zolembazo zinali m'magulu: mayina a alimi paokha, ng'ombe pazokha, mkaka wa tsiku lililonse paokha. Koma magulu onsewo anali pachibale, moti ukatchula dzina la mlimi, ng'ombe zake ndi mkaka wake zinkabwera zokha pambuyo ngati anapiye otsata make.

Tsono sevayo inali ndi nthenda yake. Masiku ena, mzere uli wautali, sikirini ya a Mpeketula inkangouma gwa, kachizindikiro kakungozungulira malo amodzi. Sing'anga wa nthendayi anali a Matewere, manijala wa bungwe. Anali munthu wachangu, wa mtima wabwino, wosapirira kuona mlimi akupsa ndi dzuwa pamzere. Akangomva kuti makina auma, ankatola makiyi, kuthamangira kukachipinda kuja, n'kuzimitsa seva pakhoma. Kenako n'kuyatsanso. Makinawo ankadzuka ali bwinobwino ngati sanadwalepo, alimi n'kuwaombera m'manja a Matewere. Zinafika pokhala mwambo wa pabungwepo: chikavuta zimitsa, ukazimitsa yatsa.

Mavuto ankaonekera pakutha pa mwezi. Alimi akalandira timapepala tosonyeza mkaka umene anabweretsa, ena ankapeza masiku opanda kanthu. Mkaka anathira m'thanki ndi manja awo, koma m'makina munalibe ngakhale dontho. Woyamba kukweza mawu anali Mayi Naliwa, amene anali ndi ng'ombe imodzi yokha, dzina lake Dona, ndi pakamwa pokwanira khola lonse.

"A Mpeketula," anatero mayiwo atagwira m'chiuno, "Dona yemweyu tizimukama awiri? Ine ndikame kukhola, inu mukame pasikelo?"

"Mayi, ine ndinalemba. Mulungu ndi mboni, ndinalemba inu muli pomwepa mukuona."

"Ndiye wamwa ndani? Kompyuta ili ndi pakamwa?"

Funso limeneli anthu analipezera yankho lawo. Mphekesera inayenda yoti bamboyu amagulitsa mkaka wa alimi kwa ophika tiyi pamsika. Akazi awo akafika kuchigayo, nkhani zinkatha mwadzidzidzi. Kutchalitchi anasiya kuwapempha kuti atsogolere pemphero. Zinawapweteka kwambiri a Mpeketula, chifukwa analibe galimoto, analibe nyumba ya malata okongola, chuma chawo chonse chinali dzina lawo.

A Matewere sankadana nawo ayi. Iwo ankangofuna kugwira wakuba, kaya akhale ndani. M'kompyuta ya muofesi mwawo munali batani la lipoti lalikulu, lowerengetsa mkaka wonse wa bungwe. Mlimi akabwera ndi dandaulo, a Matewere ankalowa muofesi n'kudina batanilo kuti aone pamene mkaka wasowera, koma lipotilo silinkawauza kanthu kanzeru. Madandaulo atachuluka, komiti inagamula kuti Lachisanu masana kukhale msonkhano, a Mpeketula achotsedwe ntchito ndi kuperekedwa kupolisi. A Matewere, pofuna kuti pasadzakhale wonena kuti mlandu unaweruzidwa mothamanga, anaitanitsa katswiri wa madetabesi kuchokera ku Blantyre kuti ayambe wawaona makinawo.

Katswiriyo anali Mayi Khwepeya, munthu wosachuluka mawu, amene anatsika minibasi ndi kachikwama ka laputopu ndi ambulera basi. A Mpeketula atawaona mtima unakhalako pansi. Ankayembekezera kuti mayiwo atsegula seva ija, atulutsa kawaya kopserera, n'kuuza anthu onse kuti nayu wakuba wanu.

Koma Mayi Khwepeya sanamasule ngakhale sikuluwu imodzi. Analumikiza laputopu yawo kuseva n'kuikamo zida zawo, zimene sizinali zachitsulo koma mapulogalamu. Chida china chinkajambula mizere yosonyeza mmene seva ikulemedwera ndi ntchito, monga mmene namwino amaonera kutentha kwa thupi la wodwala. China chinkaonetsa aliyense amene akupempha kanthu kudetabesi pa nthawi imeneyo, ndi amene akudikira mnzake. China chinali chogwira mapempho ochedwa kuyankhidwa. Atatha anatembenukira kwa a Matewere.

"Bambo, ikauma mumatani?"

"Timazimitsa, mayi."

"Pakhoma?"

"Pakhoma pomwepo. Mankhwala ake ndi omwewo, sanatikhumudwitsepo."

Mayi Khwepeya anatsinzina pang'ono ngati munthu amene waluma mwala m'mpunga. "Ndikupempheni chinthu chimodzi. Ikadzaumanso, musadzakhudze kanthu. Mudzandiitane."

"Ndiye lero simukonza?"

"Ndikonze chiyani ndisanaone chimene chikudwala? Mukazimitsa, zonse zimene seva inali kuchita pa nthawiyo imaiwala. Ndiyenera kuipeza ikudwala."

Mukudziwa mmene mwana amachitira, kulira usiku wonse, koma kungofika naye kuchipatala ayamba kusewera. Seva ija inachita chimodzimodzi. Sabata imeneyo a Matewere ankakhalira kumakola ndi alangizi a ziweto pa katemera wa ng'ombe, ndipo makina anayenda ngati atsopano. Mayi Khwepeya ankafika m'mamawa, kukhala pakhonde, kutsegula laputopu, n'kumayang'ana mizere ija ikuyenda mwaulemu. Alimi anayamba kuseka. Ena ankati bungwe laitana mlendo wodzaonera kanema.

A Mpeketula sankaseka nawo. Lachisanu linali kuyandikira, ndipo chakudya sichinkawalowanso. Lachinayi mvula itangokata, alimi atapita, anatuluka pakhonde n'kupeza katswiri uja atanjuta pansi, akuyang'ana nkhono imene inali kukwawa m'mbali mwa khoma. Mtima unawawawa.

"Mayi, pepani, ine ndine wamkulu kwa inu, ndilankhula mosabisa. Mawa lino ine ndikagona kupolisi. Inu mwachokera ku Blantyre konse kudzaweta nkhono?"

"Bwerani, bambo," anatero mayiwo osakwiya. "Munayamba mwaonapo maso a nkhono?"

"Nkhono ili ndi maso ngati? Si nyanga izi?" Potero a Mpeketula anaigunda ndi cholembera. Nthawi yomweyo nkhono inabweza zonse n'kulowa m'chigoba.

"Mwaona? Mwaifunsa ndi dzanja, ndiye yakusiyirani chigoba. Khalani pansi, tidikire."

Kaya n'chifukwa cha kutopa, kaya n'chifukwa choti analibenso kopita, a Mpeketula anakhala. Anadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako nkhono ija inatulutsa mutu pang'onopang'ono, n'kutambasula tinyanga take, ndipo kunsonga kwa tinyanga tiwiri tatitali kunali timadontho takuda. Bamboyo anapukuta magalasi awo n'kuyang'ananso. Zaka zonsezi akuponda nkhono m'munda, anali asanaonepo kuti zimawayang'ana.

"Seva yanu ili choncho," anatero Mayi Khwepeya. "Nthawi zonse ikati itulutse maso, wina amaigunda."

A Mpeketula anapita kwawo, ndipo mawuwo anagona nawo.

Lachisanu kunacha ndi dzuwa loswa mtengo, lija limabwera mvula ikagwa usiku. Alimi anabwera ambiri kuposa masiku onse, poti ena ankafuna kudzatsalira kuti aonerere msonkhano. A Matewere anali atamaliza za katemera, ndipo analowa muofesi mwawo n'kutseka chitseko. Pasikelo, a Mpeketula anayeza mkaka wa Mayi Naliwa, anatayipa, mayiwo n'kuuthira m'thanki osawapatsa ndi moni womwe. Anayeza wa alimi ena angapo. Kenako sikirini inauma gwa.

"Yauma! Itanani amanijala!" unakuwa mzere wonse.

A Matewere anatulukira ndi makiyi m'manja, pempho la katswiri lija ataliiwala kalekale, poti miyendo inali itazolowera njira yake. Koma atafika pakachipinda ka seva anapeza a Mpeketula ataima pachitseko, manja atatambasula.

"Chokani, a Mpeketula."

"Bwana, sindichoka."

"Mwati bwanji?"

"Ndati sindichoka. Masana mundichotse ntchito, mundimangitse, zonsezo ndi zanu. Koma m'mawa uno chitseko ichi ndi changa. Amayiwa anati tisakhudze."

Alimi anaunjikana. Dziwani, ana inu, kuti mkaka si chimanga choti n'kudikira. Ukakhalitsa padzuwa umasasa, ndipo wosasa saulola m'thanki. Aliyense pamzerepo ankaona thukuta lake likuwonongeka m'chigubu.

"Akubisa umboni ameneyo!" anakuwa wina.

"Wamwa wa mwezi watha, lero akufuna kutiwoletsera wa lero!" anatero Mayi Naliwa. "Mukankheni!"

A Mpeketula ankadziwa kuti mkaka wonsewo ukasasa, palibe adzawamverenso chisoni. Anayang'ana kwa Mayi Khwepeya. Mayiwo anali pamalo pawo paja pakhonde, maso ali palaputopu, ngati phokoso lonselo likuchitikira kumudzi wina. Mzere umodzi pasikirini yawo unali utakwera mpaka kudenga. Seva inali italemedwa kwambiri moti ngakhale chida chawo choonera chinkayankha mokoka miyendo.

"Mayi, nanga?" anafunsa a Mpeketula.

"Pang'ono pokha, bambo. Ikutulutsa mutu."

Pang'ono pamenepo panatalika ngati ulaliki wa m'busa wa mlendo. Munthu wina anagwira a Mpeketula pamkono n'kuyamba kuwakoka, koma iwo anakakamira pafelemu ya chitseko. Ndiye Mayi Khwepeya anakweza dzanja, osati mwaukali, koma aliyense anangoti zii.

"Bambo Matewere, tabwerani muone."

A Matewere anasendera. Mayiwo analoza pasikirini. "Awa ndi mapempho ochokera pasikelo. Onse aima, akudikira. Uyu akudikira uyu, uyunso akudikira uyu. Tikawatsata mpaka kutsogolo, tikupeza pempho limodzi ili. Lagwira gulu lonse la mkaka n'kulikiya, ndipo likuwerenga mkaka wonse kuyambira tsiku limene bungwe linagula makompyuta, umodziumodzi. Silikuchokera pasikelo. Likuchokera muofesi mwanu. Mwadina chiyani m'mawa uno?"

A Matewere anayankha motsitsa mawu: "Lipoti lalikulu. Ndimafuna umboni wa msonkhano wa masana."

"Mumalidina nthawi zambiri?"

"Mlimi akabwera kudzadandaula."

"Ndipo alimi amabwera m'mawa," anatero mayiwo mofatsa, osati monyoza. Kenako anatembenukira kwa alimi. "Detabesi ili ndi malamulo awiri abwino. Loyamba, wina akamawerengetsa ndi kukonza malo ena, imatseka malowo kuti wina asasinthepo kanthu mpaka woyambayo amalize. Lachiwiri, ntchito imene sinamalizike magetsi akazima, imaitaya yonse, kuti isasunge zinthu zatheka. Mayi Naliwa ndi ati?"

"Ndine," anayankha mayi aja, mawu atatsikako.

"Bwerani. Dzina ili ndi lanu? Mkaka wanu wa lero ndi uwu. A Mpeketula analemba, koma uli pakhomo, ukudikira kuti lipoti lija lichoke ulowe. Seva ikanazimitsidwa, ukanatayika, ndipo pakutha pa mwezi mukanapeza lero mulibe kanthu."

Mayi Naliwa anayang'anitsitsa dzina lawo. Kenako anagwira pakamwa. "Mayo ine! Tsiku lija mkaka wanga unasowa, ndi tsiku limene amanijala anathamanga ndi makiyi mpaka kugwetsa njinga yanga. Ndikukumbuka, poti ndinawatukwanira mumtima."

"Nanenso linali tsiku lozimitsa," anatero mlimi wina kumbuyo. Winanso anavomereza.

"Bambo Matewere," anatero Mayi Khwepeya, "mundilole ndiimitse lipoti lanu lokhalo. Zina zonse zisakhudzidwe."

A Matewere anagwedeza mutu movomereza. Mayiwo anatayipa mzere umodzi waufupi. Mzere wokwera uja unatsika, mapempho odikira aja analowa motsatana, ndipo kusikelo kunamveka mawu a munthu akukuwa kuti yadzuka. A Mpeketula anasiya chitseko n'kuthamangira kuntchito yawo, misozi ili m'masaya, zala ziwiri zija zikugwira ntchito ngati khumi. Mkaka unapulumuka, kupatula chigubu chimodzi chimene chinali kumapeto kwa mzere. Mwini wake anachinunkhiza n'kunena kuti palibe kanthu, ana amwa chambiko.

Apa ndiye pamene a Matewere anaonetsa kuti anali munthu. Ena akanazembera muofesi n'kunamizira amene anawagulitsa makinawo. Iwo anaima pakhonde, anavula chipewa, n'kudikira kuti mlimi womaliza athire mkaka wake.

"Abale anga," anatero, "miyezi yonseyi ndakhala ndikusaka wakuba. Ndikamusaka makina amauma, akauma ndimazimitsa, ndikazimitsa mkaka umasowa, ukasowa ndimamusakanso. Wakubayo ndinali naye m'thumba, ndi makiyi awa. A Mpeketula, ndakulakwirani pamaso pa anthu, ndiye ndikupepesanso pamaso pa anthu. Mundikhululukire."

Mayi Naliwa nawo anasendera, n'kugwada pansi pafumbi. "Achimwene, pakamwa pangapa pandipalamulitsa. Lamlungu ndikanena ndekha kutchalitchi, ndipo mukundidziwa, amva mpaka akunja."

Msonkhano wa masana unachitikadi, koma nkhani yake inali ya mmene angawabwezere alimi masiku awo osowa.

Mayi Khwepeya sananyamuke tsiku lomwelo, pakuti kupeza nthenda si kuchiza. Anaikira gulu la mkaka chimene amachitcha indekisi, chinthu chonga zikwangwani za pamsewu, kuti lipoti lizipita molunjika pamene likufuna m'malo mogogoda khomo lililonse. Lipoti limene linkatha m'mawa wonse linayamba kutuluka munthu asanamalize kapu ya tiyi. Analikonzanso kuti liziyenda masana, alimi atapita. Anatchera chida chawo chija kuti seva ikayamba kulemedwa izitumiza uthenga pafoni, ndipo anawakhazika pansi a Matewere ndi a Mpeketula n'kuwaphunzitsa kuwerenga mizere ija ndi kutsata amene akudikira mnzake. Atakhutira, anatenga ambulera yawo n'kukakwera minibasi, osadikira ndi nkhuku yomwe imene alimi ankawathamangitsira.

Madzulo ake a Matewere anafunsa a Mpeketula funso limene linkawavuta. "Achimwene, anthu onse aja akukukokani, mkaka ukusasa, munalimba mtima bwanji pachitseko paja? Munadziwa bwanji kuti amayi aja apeza kanthu?"

"Sindinadziwe, bwana," anayankha a Mpeketula. "Ndinangokumbuka nkhono imene ndinaigunda ndi cholembera. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mawuwo anawagwira a Matewere, moti anatola chigoba cha nkhono n'kuchimangirira kumakiyi a kachipinda kaja, kuti dzanja likathamangira makiyi liziyamba lakhudza chigobacho. Alimi anawatenga mawuwo n'kupita nawo kumakola, kumisika ndi kumaukwati, ndipo akuti ndi mmene anafalikira.

Tsono mwambiwu ukutanthauza chiyani? Ukuti pali zinthu zina zimene sizioneka kwa munthu wa phuma. Nkhono ili ndi maso, koma imawaonetsa kwa yekhayo amene wakhala phee n'kuipatsa nthawi. Ukaigunda, utsala ndi chigoba, ndipo udzapita ukulumbira kuti nkhono ilibe maso. Vuto nalonso limatero, kaya ndi la makina, kaya ndi la m'banja, kaya ndi samu imene yakukanika m'kalasi. Ukalithamangira ndi dzanja limabisala, n'kudzabweranso mawa litakula.

Koma musamve molakwa, ana inu, n'kumakagona pansi pa mtengo muli tikudekha. Mayi Khwepeya sanali kugona pakhonde paja. Anali atatchera zida zawo, akudziwa chimene akudikira, maso ali pamalo oyenera. Kudekha n'kuyang'anitsitsa pamene ena onse akukuwa kuti chita kanthu, ndipo nthawi zina kumafuna mtima wolimba kuposa kuthamanga. Pabungwe paja panalibe munthu woipa ngakhale mmodzi, panali anthu achangu okhaokha, koma changu chawocho chikanagoneka munthu wosalakwa m'chitokosi. Choncho tsiku lina mukadzamva khamu likukuwa kuti wakuba ndi uyu, inu mudzayambe mwakhala pansi n'kudikira kuti nkhono itulutse maso, chifukwa seva ukaizimitsa umaiyatsanso, koma dzina la munthu lilibe swichi.